Mphamvu za Mayi, Chovala cha Mwana

Ana anga, inu amene mwangotuluka kumene m'chikuta, ndi inu amene muli ndi pakati poyamba, senderani kuno ndikuuzeni. Masiku ano mayi akachira amazengedwa milandu iwiri yotsutsana, ndipo omuzengawo onse amati akumufunira zabwino. Akapita kukaonetsa mwana kwa apongozi ku Nsanama kapena ku Phalula masaya ataphwa pang'ono, manong'onong'o amayamba: "Kodi ameneyu akudya? Kapena mwamuna wake sakumusamala?" Ena amafika ponong'onezana za matenda, chifukwa ife amene tinaika maliro ambiri m'zaka za kaliwondewonde tinatsala ndi mantha tikaona munthu akuwonda. Mayi yemweyo akatsikira ku Liwonde kapena pa Balaka n'kukumana ndi anzake amene anali nawo kusukulu, amamva zina: "Iii amwali, mimbayi sinabwererebe? Kapena mwatumbiza kale?" Madzulo akatsegula foni amapeza akazi a ku Johannesburg ndi ku Lagos atanyamula khanda la masabata awiri, mimba ili thyathyathya.

Pakati pa milandu iwiriyi pali mtsikana wotopa, wosagona tulo, woyamwitsa usiku ndi usana. Maso amene akuyeza thupi lake ndi omwenso akuyeza zovala za mwana wake: n'za ndalama zingati, nsapato zagwirizana ndi chipewa kapena ayi. Mawu anga onse agona pa mfundo imodzi. Thupi lanu muziliyeza ndi mphamvu zake, ndipo chovala cha mwana muzichiyeza ndi khungu la mwanayo. Anthu oyang'anawo sadzabwera kudzakudikirirani m'chipatala.

Dziwani ntchito imene thupi lanu lagwira

Chiberekero cha mayi wopanda pakati sichiposa chibakera chake. Pofika tsiku lochira chimakhala chikulemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chimatenga masabata asanu ndi limodzi kuti chibwerere mwakale. Kupotokola kumene mumamva m'mimba mwana akamayamwa masiku oyambirira ndi chiberekerocho chikudzikoka. Minofu iwiri ya kutsogolo kwa mimba imatalikirana kuti mwana apeze malo, ndipo imayandikirananso pang'onopang'ono, ena miyezi iwiri, ena kupyola apo. Minofu ya kumusi, imene imagwira chikhodzodzo ndi chiberekero, imakhala itatamuka. Mizere ya pamimba ndi m'ntchafu imazilala koma sichokeratu. Tsitsi limathothoka mwana akafika miyezi itatu kapena inayi, kenako limameranso. Pa zonsezi palibe chilema, palibe ulesi. Thupi linasintha kwa miyezi isanu ndi inayi, ndiye lipatseni nthawi yake.

Kwathu kuno pali chifukwa china chodekhera. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'dziko muno atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, koma ku Machinga anali 41. Boma lomweli ndi limene linali patsogolo pa kubereka, mayi mmodzi ana oposa asanu ndi mmodzi. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi anali ndi magazi ochepa. Ndiye kuti ambiri mwa inu mwabereka thupi lisanamalize kukula, magazi ali operewera kale, pochira n'kutayanso ena. Munthu wotere akamadzimana nsima kuti siketi ya pachinkhoswe imukwanenso, akudzikumbira yekha dzenje.

Chikuta sichinali chabe mwambo

Makolo athu analibe makina oyezera magazi, koma kupuma kwa mayi ankakudziwa. Mtsikana wa pakati poyamba ankalangizidwa ndi anamkungwi, ku litiwo kwa Ayao, ku chisamba kwa Achewa. Akachira ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, osagwira munsi, osasenza mtsuko. Amayi ake, azakhali kapena achemwali ake ndi amene ankamuphikira phala, kumuthowa msana ndi madzi ofunda ndi kumuchapira nsalu. Abale athu Achisilamu amawerenga masiku 40 a uchembere: mayi amene akutayabe magazi a pobereka sasala, ndipo woyamwitsa akaona kuti kusala kwa Ramadani kumufoola iye kapena mwana, amaloledwa kudzabweza pambuyo. Akuchipatala amati masabata asanu ndi limodzi, amene ndi masiku 42. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata osachepera asanu ndi atatu a tchuthi, malipiro onse akulandira, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Mwambo, chipembedzo, chipatala ndi lamulo zonse zikunena chinthu chimodzi: mayi apume.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kupuma kumeneku kukutha m'midzi mwathu. Bambo wa mwana ali ku Joni, agogo ali ku ganyu, achemwali ali kusukulu. Sabata lisanathe mayi ali kale pa mjigo, chigubu cha malita 20 pamutu, khanda kumbuyo. Chigubu chimenecho ndi makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko kumatsikira pa minofu ya kumusi imene sinagwirane. Mapeto ake magazi amene anali atayamba kuchepa amayambiranso, msana umatsala ukupweteka, mkodzo umadontha mayi akatsokomola kapena kuseka, ndipo ena patapita zaka chiberekero chimatsika. Inu amene munachitidwa opaleshoni, bala lakunja limauma msanga koma lam'kati limachedwa. Kwa masabata asanu ndi limodzi musanyamule chilichonse cholemera kuposa mwana wanu. Kupempha mnansi kuti akutungireni madzi si ulesi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu anyamata amene muli ku Joni, musanatumize tinsapato ndi timasuti, tumizani kaye ndalama yolipira munthu wotunga madzi ndi kutola nkhuni kwa miyezi iwiri. Mphatso yoposa imeneyo kwa mkazi wochira palibe.

Sikelo si ya mwana yekha. Bwererani kuchipatala pa masiku amene anamwino akulemberani m'buku, sabata loyamba ndiponso pa masabata asanu ndi limodzi, ngakhale mukumva bwino. Koma mukaona magazi akutuluka ambiri moti nsalu ikunyowa ola lisanathe, thupi latentha, kumusi kukutuluka zonunkha, mutu ukupweteka kwambiri ndipo maso akuona mwachimbuuzi, mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena mukubanika popuma, musadikire kuti kuche, musayambe mwaombeza. Pitani kuchipatala chapafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Liwonde kapena cha pa Balaka, musazengereze. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikungotuluka chokha osaleka kuchokera pamene munachira movutikira, amenewo ndi matenda a fistula, ndipo amachizika. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo ochizira amayi otere. Musabisale nawo kuseri kwa nyumba.

Chitenje, tiyi ndi mapiritsi

Za kumanga mimba ndikuuzeni zoona zake. Amayi athu ankapinda chitenje m'litali, n'kuchizunguliza kuyambira m'chiuno kukwera mpaka pamchombo, kenako ankalowetsa chikhatho pakati pa nsalu ndi khungu. Chikhatho chikakana kulowa, ankamasula n'kumanganso. Kumanga kotero kumachirikiza msana ndipo mayi amayenda osamva ngati zam'kati zikugwedezeka. Koma chitenje sichisungunula mafuta, ndipo sichibweza minofu. Malamba olimba amene akugulitsidwa m'misika masiku ano, ofinya moti munthu akulephera kupuma bwino ndi kumaliza nsima, amakankhira zam'mimba kumusi, komwe kuli kofooka kale. Pa bala la opaleshoni amasunga thukuta. Ngati mukufuna kumanga, mangani molekerera, ndipo pogona muzimasula.

Tiyi wophwetsa mimba amene amatsatsidwa pa Facebook nthawi zambiri amangotsegula m'mimba. Chimene mumataya ndi madzi, madzi omwewo amene thupi likuwafuna popanga mkaka. Kumbali inayo kuli mapiritsi ndi timabotolo tonenepetsa, timene atsikana ena amamwa pofuna kutseka pakamwa apongozi kapena kukulitsa mbina. Ena mwa mankhwala amenewa amagonetsa tulo ndi kuchepetsa mkaka wa m'mawere. Ena amatupitsa nkhope, kukweza magazi ndi kuyambitsa matenda a shuga. Mafuta oyeretsa khungu nawo ena amakhala ndi mercury, imene imalowa m'thupi, kufika mumkaka, ndi kupakika pa khanda limene mwalifungatira. Ena amapyapyalitsa khungu, mizere imene mumafuna kubisa ija n'kukula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala alionse amene sanakupatseni a chipatala, musawaike m'kamwa kapena pakhungu pamene mukuyamwitsa musanawafunse.

Idyani

Akuchipatala amalangiza kuti mayi woyamwitsa awonjezere kudya kawiri pa tsiku pamwamba pa kadyedwe kake ka nthawi zonse, ndipo adye za m'magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Musaganize kuti zimenezi n'za anthu a ndalama okha. Matemba a ku Chilwa ndi usipa, zodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa ndi kuwonjezera magazi. Tili ndi nandolo wolima tokha, khobwe, nzama, nsinjiro zothira m'phala ndi mu nkhwani, chigwada, bonongwe, chisoso, mbatata yofiira m'kati, ndi dzira nkhuku ikaikira. Malambe amene ali mbwee ku Balaka, masau, mango ndi mapapaya zimathandiza thupi kutenga zopangira magazi kuchokera m'masamba ndi nyemba. Tiyi womwera pa chakudya amatsekereza zimenezi, choncho muzimwa patapita nthawi. Mapiritsi owonjezera magazi aja malizani monga anakuuzirani, ndipo madzi kapena thobwa zikhale pafupi nthawi iliyonse mukukhala pansi kuti muyamwitse.

Njala ya Januwale ndi Febuluwale ndimaidziwa. Ngakhale mayi atawonda, mkaka umatulukabe, koma umatuluka podya thupi la mayiyo. N'chifukwa chake ndikuti kwa abambo ndi apongozi: pakhomo pamene pali woyamwitsa, mbale yake ndi imene iyambe kupakulidwa. Chizolowezi choti nsomba yaikulu ipite kwa bambo, mayi n'kutsala ndi msuzi, chilekeke miyezi imeneyi.

Kubweza mphamvu

Kuyenda ndicho chiyambi. Masiku oyamba zungulirani pabwalo, kenako kafikeni kwa aneba, kenako kumsika, mtunda uziwonjezeka malinga ndi mmene thupi likuvomerera. Magazi akawonjezeka kapena kufiiranso, thupi likukuuzani kuti mwafulumira.

Minofu ya kumusi ili ndi masewera ake, osafuna ndalama kapena malo. Ifinyeni ngati mukugwira mkodzo, werengani mpaka kasanu uku mukupuma bwinobwino, kenako masulani. Chitani kakhumi, katatu pa tsiku, muli chikhalire poyamwitsa kapena chigonere pamphasa, koma osati pamene mukukodza. Za mimba, gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, n'kugwira ndi zala pamwamba pa mchombo. Mudzamva mpata pakati pa minofu iwiri ija. Ngati patatha miyezi iwiri mpatawo ukulowabe zala zoposa ziwiri, kauzeni a chipatala, ndipo musayambe masewera odzuka ndi kugona aja amene mumaona pa foni, chifukwa amaukulitsa. Podzuka pamphasa yambani mwatembenukira kumbali. Ponyamula mwana kapena ndowa pindani mawondo, msana ukhale wowongoka.

Mayi wa khasu ndi mayi wa mu ofesi safunika malangizo ofanana. Wolima thonje ku Utale kapena mpunga ku Chilwa thupi lake likugwira kale ntchito yokwanira. Chimene chikumusowa ndi kupuma ndi chakudya. Koma wokhala tsiku lonse mu shopu kapena mu ofesi ku Liwonde, wokwera kabaza ngakhale pafupi, wodya tchipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera, ameneyo ayende, achepetse shuga ndi zokazinga. Kafukufuku uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu aliwonse anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika kale m'midzi mwathu. Kutsitsa thupi pang'onopang'ono chifukwa cha moyo wanu ndi nzeru. Kulitsitsa mothamanga chifukwa cha chithunzi ndi kudzipweteka.

Ndipo thupi silingabwerere ngati mimba ina yalowa kale. Bungwe la WHO limalangiza kuti padutse zaka ziwiri kuchokera pobereka mayi asanatengenso pakati. Makolo ankasunga zimenezi ndi miyambo yawo yodikira. Inu muli ndi njira zolera kuchipatala. Kambiranani ndi amuna anu, mukasankhe isanakwane nthawi yobwererana.

Mtima nawo umachira

Kulira popanda chifukwa masiku oyambirira kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma kukapitirira, chakudya osachifuna, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, mwanayo osakusangalatsani, kapena maganizo odzipweteka akumabwera, amenewo ndi matenda. A WHO amati m'mayiko ngati lathu amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse ochira. Si ufiti, si kusayamika Mulungu. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo kauzeni anamwino.

Inu abambo a ana, lilime lanu lili ndi mphamvu kuposa mankhwala. Mwamuna amene amauza mkazi wake kuti "wasanduka gogo," kapena kumuonetsa zithunzi za akazi ena pa foni, akunyoza thupi limene lamupatsa dzina loti bambo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo; ulemu umene mumapereka kwa amayi anu okubalani muperekenso kwa mayi wa mwana wanu. Ifenso agogo ndi apongozi tisinthe mafunso athu. Tikafika pakhomo tifunse ngati wadya, ngati magazi asiya, ngati anagonako usiku, kenako titenge ndowa tipite ku mjigo.

Kuveka khanda

Khanda longobadwa limazizidwa msanga, makamaka kumutu. Likangobadwa lipukutidwe, ligonekedwe pachifuwa pa mayi khungu kukhudza khungu, livale kachipewa, ndipo lisasambitsidwe mpaka patadutsa tsiku lathunthu. Pamchombo pakhale pouma, thewera lipindidwire kumusi kwake. Phulusa, dothi kapena zitsamba zisafikepo. Pakani chokhacho chimene akupatsani kuchipatala.

Lipoti la WHO ndi mabungwe ena la mu 2012 linaonetsa kuti m'Malawi ana 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse. Kwa ana otere, chovala choposa zonse ndi chifuwa cha mayi. Njira ya kangaru inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kwathu kuno inayambira pafupi pompa, pa chipatala chachikulu cha Zomba, mu 1999. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kumangidwa ndi chitenje pakati pa mawere, usana ndi usiku. Bambo, agogo kapena azakhali angathe kulandira mayi kuti akasambe ndi kupuma. Bulangete la mtengo wapatali silingafundize mwana wotere kuposa khungu la munthu.

Dzuwa la Okutobala ndi chisanu cha Juni

Vuto limene ndimaliona kawirikawiri kuno ndi kufunditsa mopyola. Tsiku lina mu Okutobala, pa sikelo ya kumudzi pansi pa mtengo wa mango, ndinakhala moyandikana ndi mtsikana wa mwana wa miyezi inayi. Ife akuluakulu tinali kudzipepeza ndi mabuku a kuchipatala. Itafika nthawi yokweza mwana pa sikelo anayamba kumuvula: shawelo, chipewa chaubweya, juzi, kasuti ka nayiloni, vesiti, masokosi. Tsitsi la mwanayo linali litanyowa, m'khosi ndi m'khwapa muli tiziphuphu tofiira, ndipo anatonthola pokhapokha kamphepo katamukhudza. Mayi wake anati, "Agogo ake anandiuza kuti chibayo chingamugwire."

Agogowo ankanena mwachikondi, koma chibayo chimabwera ndi tizilombo, ndipo chimene chimachikolezera ndi utsi wa kukhitchini ndi kunyentchera. Chitetezo chake ndi katemera, bere, ndi kumuchotsa mwana pa utsi. Lamulo losavuta ndi ili: khanda livale chovala chimodzi chopyapyala pamwamba pa zimene inu mwavala n'kumamva bwino. Pofuna kudziwa ngati watenthedwa kapena wazizidwa, mugwireni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati kumapazi, chifukwa mapazi a khanda amazizira nthawi zambiri. Mwana akatentha thupi muchotseni zofunda ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukamubereka kumbuyo pa kabaza kapena mu minibasi, nkhope isaphimbidwe ndi shawelo. Ngakhale dzuwa liswe mtengo bwanji, mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi safuna madzi akumwa. Mkaka wa m'mawere mbali yaikulu ndi madzi. Muyamwitseni mwakathithi, pafupipafupi.

Juni ndi Julayi akafika, vuto limakhala moto. Ana amaunjikana pa mbaula ndi pa mafuwa m'mawa ndi madzulo. Deresi lalitali la nayiloni, lotambalala, likakhudza lawi limayaka msanga ndipo limasungunukira pakhungu. Mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda avale zogwira thupi, juzi ndi kabuluku, kuti asafune kukhalira moto. Akapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Osapaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena phulusa.

Kaunjika, matewera ndi nsapato

Kuveka mwana za pakaunjika si manyazi. Mwana amakula msanga, ndipo chovala cha mkulu wake n'chovala ndithu. Chofunika ndi nsalu yake. Balaka ndi dziko la thonje. Dziwani kuti nsalu ya thonje imamwa thukuta ndipo khungu limapuma, pamene nayiloni imatsekera. Posankha pamulu, fikisani nsaluyo m'dzanja, yang'anani msoko wam'kati ngati sukanda, pewani timabatani ndi timikanda tosokerera timene mwana angathothole n'kumeza, ndi zingwe za m'khosi. Mukafika kunyumba chapani ndi sopo musanamuveke, ndipo tsukuluzani bwino.

Zovala za mwana muziyanika pachingwe, padzuwa, osati pansi kapena pa udzu wa pamthunzi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu yachinyezi, makamaka ya fungo la mkodzo, ndipo mazirawo amasanduka mphutsi zolowa m'khungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa. Simbi ya makala imapha mazira amenewa, choncho sitani mbali zonse, makamaka m'misoko.

Thewera lansalu n'labwino ngati likusinthidwa msanga, kuchapidwa ndi sopo ndi kuuma bwino. Matewera ogula otaya aja amathandiza paulendo, koma chifukwa cha kudula kwake ena amamusiya nalo mwana tsiku lonse mpaka matako kusupuka. Ngati ndalama ndi yochepa, bwererani ku nsalu, ndipo masana muzimusiya mwana kanthawi pamphasa wopanda thewera. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu. Kumbukirani kuti mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayamba kuonekera ku Machinga konkuno mu Marichi 2022. Thewera lisatayidwe mu Shire, m'ngalande kapena kuseri kwa msika kumene agalu amalikoka. Chimbudzicho chipite m'chimbudzi, theweralo likwiriridwe mozama, manja asambidwe ndi sopo.

Madzulo, udzudzu ukayamba, mwana avale za manja aatali ndi kabuluku kopyapyala, ndipo agone mu neti chaka chonse. Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma oyamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Kamubayitseni, koma neti musaisiye. Mwana wosayenda safuna nsapato. Akayamba kuyenda panja, mupezereni zofewa, zomukwana, zomuteteza ku minga, matekenya ndi njoka za m'mimba zolowera kumapazi. Kachingwe ka m'chiuno kamene agogo amamanga poona ngati mwana akukula kasamufinye, ndipo m'khosi mwa khanda musamange kanthu.

Mwana si chionetsero

Ndimamva chisoni ndikaona kamtsikana ka zaka zitatu katavala nsapato zazitali, jinzi yothina moti sikangakhale pansi, tsitsi litalukidwa mokoka mpaka pamphumi kutuluka tiziphuphu. Kuluka kokoka kumazula tsitsi la m'mbali, ndipo mankhwala owongola tsitsi amawotcha khungu la mwana. Ntchito ya mwana ndi kusewera: kuthamanga, kukwera, kuumba zadothi, kudetsa. Chovala chimene chimamupangitsa kukalipiridwa nthawi zonse kuti "usadetse" chikumulanda ubwana. Chikhale choti angathe kuvula yekha akafuna kudzithandiza. Ndipo pomuveka ndi pomusambitsa muzimuphunzitsa kuti thupi lake ndi lake, kuti pali malo amene munthu wina sayenera kugwira, ndi kuti wina akamugwira abwere adzanene osaopa.

Idi ndi Khrisimasi zikayandikira, ena amatenga ngongole ku banki m'khonde, ena mpaka katapila, kuti mwana aoneke. Kusangalatsa mwana pa chikondwerero n'kwabwino, koma kafukufuku uja anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Msinkhu ndi nzeru zimene mwana wataya m'zaka ziwiri zoyambirira n'zovuta kuzibweza. M'mera mpoyamba. Ndalama ikapezeka, iyambe yagula chakudya cha mayi ndi mwana, kenako sopo, kenako isungidwe ya kabaza wopita kuchipatala usiku. Chovala cha pachikondwerero chibwere pambuyo pa zimenezi.

Pomaliza ndikutumani ntchito. Kunyumba kwanu kuli mng'ono wanu wa Sitandade 7 kapena Fomu 2 amene amakuonani mutatchena, mwana ali kumanja, n'kumasirira. Musamuonetse zokoma zokhazokha. Mukhazikeni pansi mumuuze za magazi amene munataya, za msana, za usiku wosagona, za mtengo wa sopo ndi ufa wa phala. Mumuuze kuti malamulo a dziko lino kuyambira 2017 salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ndi kuti thupi lake liyenera kukhwima kaye, sukulu ithe kaye. Inu amene munasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba, khomo lobwerera n'lotsegula. Mwana akakulako bwererani, ife agogo tilipo, tidzalera. Mawa anamkungwi ndinu, ndipo ana a m'midzi yathu adzatsata zimene inu mwawauza ndi zimene akuonani mukuchita.